"Mlandu Suola": Mbiri ya Kukonza Cholakwa Kumadzulo kwa Lilongwe

Mwambi wakuti "mlandu suola", womwe umamvekabe m'mabwalo a mafumu monga Kalolo, Kabudula ndi Khongoni, unabadwa m'nthawi imene cholakwa chinali ngongole ya mbumba yonse. Atsamunda asanafike, wolakwa sankaima yekha pabwalo, popeza mwini mbumba, yemwe kawirikawiri ankakhala malume ake, ndiye ankamuyankhira ndi kupereka dipo, lomwe ndi katundu wolipira mlandu monga nkhuku, mbuzi kapena makasu, ndipo pa mlandu wa imfa banja lolakwa linkatha kupereka munthu wamoyo kuti alowe m'malo mwa malemuyo. Wolakwa akamwalira asanalipe, abale ake akuchikazi ankausenza mlanduwo, chifukwa mbumba siitha ndi maliro amodzi. Wokana mlandu, makamaka wa ufiti, ankamwetsedwa mwabvi, madzi a khungwa la mtengo wakupha, ndipo wosanza ndiye ankayesedwa wosalakwa.

Boma la Nyasaland linaletsa mwabvi mu 1911, kenako mu 1933 linavomereza makhoti a mafumu moyang'aniridwa ndi bwanamkubwa wa boma lililonse. Apa panalowa kusintha komwe anthu ambiri sakuganizira: chindapusa, ndalama yolangira wolakwa, chinayamba kupita m'thumba la boma, mwakuti munthu ankatha kulangidwa pomwe wolakwiridwa wabwerera kwawo chimanjamanja, mabanja awiriwo asakupatsanabe moto.

Mu 1969 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linapatsa makhoti amiyambo mphamvu zoweruza ngakhale milandu yopha munthu, maloya osaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Dzina la mwambo linagwiritsidwa ntchito molakwika, pakuti bwalo lomwe makolo analikonza kuti liyanjanitse anthu linasanduka chida chothanirana ndi otsutsa boma, monga Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, omwe anaweruzidwa kuti anyongedwe mu 1983. Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Makhotiwa anaimitsidwa ulamuliro wa chipani chimodzi utatha.

Kumidzi bwalo la nyakwawa silinafe. Mbuzi ikadya chimanga m'dimba la wina ku Nsaru kapena ku Mpingu, wodandaula amapereka chabwalo, ndalama yotsegulira mlandu, nduna zimapita kukaona mapesi odyedwawo, ndipo mwini mbuzi amagwada, kuomba m'manja ndi kulonjeza kulipa akagulitsa fodya. Akazengereza, amakumbutsidwa mwambi uja.

Wolakwa akakhala boma, mwambiwu umayesedwa kwambiri. Malamulo a dziko a 1994 anakhazikitsa National Compensation Tribunal, bwalo lopereka chipepeso kwa omangidwa popanda mlandu, olandidwa katundu ndi othamangitsidwa, kuphatikizapo a Mboni za Yehova omwe anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia mu 1972. Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi mu Januwale 1996, koma kwa Mchewa kupepesa kwa pakamwa popanda dipo ndi theka chabe la mlandu. Bwalolo, lomwe linapatsidwa zaka 10, linatsekedwa odandaula ochuluka asanalandire kanthu kapena atangolandira kachigawo kochepa, ndipo mu 2017 Ombudsman Martha Chizuma anatulutsa lipoti lolamula boma kuti lipepese ndi kukambirana nawo za malipiro awo, ena mwa iwo atamwalira kale ndipo ana awo ndi amene akusunga makalata a madandaulowo.