Kuzindikira Mtundu wa Kachilombo Koyambitsa Leishmaniasis ya Pakhungu Kum'mawa kwa Africa

Leishmaniasis ya pakhungu ndi matenda a zilonda zosapola msanga amene amayamba ndi tizilombo totchedwa Leishmania. Tizilomboti timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kantchentche kakakazi kotchedwa sandfly, kotalika mamilimita 2 kapena 3 okha, kamene kamaluma makamaka kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuyerekeza kuti chaka chilichonse anthu pakati pa 600,000 ndi 1 miliyoni amadwala matendawa. Mitundu ya Leishmania imene imadwalitsa anthu ndi yoposa 20, ndipo chithandizo choyenera chimadalira mtundu umene walowa m'thupi.

Maonekedwe a chilonda

Pakapita milungu kapena miyezi chilumidwireni, pamalopo pamatuluka kachotupa kamene kamakula pang'onopang'ono n'kusanduka chilonda chozungulira, chotukuka m'mphepete. Nthawi zambiri sichipweteka ndipo chimatuluka poonekera: kumaso, m'manja kapena m'miyendo. Chikapola chimasiya chipsera cha moyo wonse. Chilondachi chimafanana ndi cha khate, chifuwa chachikulu cha pakhungu, khansa ya pakhungu ndi matenda ena, choncho maso okha sangatsimikize matendawa kapena kusiyanitsa mitundu ya tizilombo.

Mitundu ikuluikulu itatu

Leishmania major imapezeka m'madera otentha ndi ouma, monga ku Sudan ndi ku Baringo m'dziko la Kenya. Imakhala mu mbewa zakutchire, ndipo tintchentche timaitenga kumeneko. Zilonda zake zimakhala zonyowa, nthawi zina zingapo, koma kawirikawiri zimapola zokha pa miyezi 2 mpaka 8.

Leishmania tropica ku Kenya imadziwika m'madera a Laikipia ndi Gilgil, kumene anthu amalumidwa pafupi ndi mapanga ndi ming'alu ya matanthwe. M'mizinda monga Kabul ndi Aleppo, tintchentche timaichotsa kwa munthu n'kuipititsa kwa munthu mnzake. Zilonda zake n'zouma, zimatha chaka kapena kuposa, ndipo zina zimayambiranso m'mphepete mwa chipsera.

Leishmania aethiopica, imene inapatsidwa dzinali mu 1973, imapezeka m'mapiri a ku Ethiopia ndi ku phiri la Elgon m'dziko la Kenya. Imakhala mu mbira za m'matanthwe, motero alimi ndi abusa a ziweto okhala pafupi ndi maphompho ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Mtunduwu ndi wovuta koposa: chilonda chimatha zaka 2 mpaka 5, chikhoza kufalikira m'mphuno ndi m'milomo, ndipo mwa anthu ena chimabala zotupa thupi lonse zonga za khate.

Njira zozindikirira mtundu

Poyamba, wachipatala amapala timinofu m'mphepete mwa chilonda, n'kutipaka pa kagalasi, kuthirapo utoto wa Giemsa ndi kuyang'ana pa maikulosikopu. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imatsimikiza kuti munthu ali ndi leishmaniasis, koma imathera pomwepo chifukwa mitundu yonse imaoneka mofanana. Komanso m'chilonda chakale tizilombo timakhala tochepa, moti tikhoza kusaoneka ngakhale tilimo.

Njira yachiwiri ndi kuweta tizilomboto mu labotale mpaka titachuluka, kenako kuyerekeza mapuloteni ake otchedwa ma enzyme ndi a mitundu yodziwika kale. Kwa zaka zambiri njirayi ndiyo inali muyeso wodalirika, ndipo malo ofufuzira a ku Montpellier m'dziko la France ndiwo anatchuka nayo. Vuto lake n'lakuti imatenga milungu yambiri, ndipo nthawi zina tizilombo timakana kuswana.

Njira yachitatu, yomwe ndi yofala masiku ano, ndi ya PCR. Makina amachulukitsa kachigawo ka DNA ya kachilomboko, monga kotchedwa ITS1 kapena hsp70, ndipo kandondomeko ka kachigawoko ndiko kamaulula mtundu wake. PCR imafuna timinofu tochepa, ngakhale touma pa pepala lapadera, ndipo zotsatira zimatha kutuluka pa masiku ochepa. Komabe imafuna magetsi odalirika, zipangizo zokwera mtengo ndi akatswiri, n'chifukwa chake imachitika m'malabotale akuluakulu.

Dera limene munthu analumidwirako limathandiza kulingalira mtundu, koma si umboni wokwanira. Chitsanzo ndi dziko la Sri Lanka, kumene wodwala woyamba wotengera matendawa m'dziko momwemo analembedwa mu 1992. Mu 2003 akatswiri a pa yunivesite ya Colombo, motsogozedwa ndi Nadira Karunaweera, anaonetsa kuti zilondazo zinkayamba ndi Leishmania donovani. Mtunduwu ku India, ku Sudan ndi ku Ethiopia umadziwika ndi matenda a kala-azar, ogwira kapamba ndi chiwindi, amene amapha odwala oposa 95 pa 100 alionse akapanda kulandira chithandizo.

Kufunika kwake pa chithandizo

Kachilonda kamodzi ka Leishmania major kakhoza kungotsukidwa ndi kumangidwa, kapena kuthandizidwa pamalo pomwepo ndi makina otenthetsa, nayitrojeni wozizira kwambiri kapena jakisoni wa m'chilonda. Zotupa zofalikira za Leishmania aethiopica zimafuna jakisoni wa sodium stibogluconate pamodzi ndi paromomycin kwa masiku 60 kapena kuposa. Sodium stibogluconate akhoza kusokoneza mtima ndi chiwindi, ndipo mankhwala akumwa a miltefosine saperekedwa kwa amayi oyembekezera. Motero kudziwa mtundu kumateteza wina ku mankhwala aukali osafunikira, pamene wina kumamupulumutsa ku chithandizo chosakwanira. Kumathandizanso azaumoyo kudziwa kolimbana nako: mbewa, malo okhala mbira kapena tintchentche ta m'nyumba za anthu.

Zoyenera kutsata

Amalonda, oyendetsa magalimoto ndi ena opita ku Kenya, Ethiopia ndi Sudan akulangizidwa kugona m'masikito onyikidwa m'mankhwala, kuvala zofunda mikono ndi miyendo madzulo, ndi kupewa kugona panja pafupi ndi mapanga. Katemera wa anthu wa matendawa palibe. Aliyense amene ali ndi chilonda chimene chatha milungu ingapo chisanapole apite kuchipatala ndipo afotokoze madera onse amene anayendako, ngakhale papita miyezi yambiri. Chilondacho asachiwotche kapena kuchithira asidi wa mu batire, pakuti kutero kumakulitsa chipsera ndiponso kumawononga timinofu tofunika poyeza.