Msewu Ukatsekedwa, Khothi Limamva Mantha a Ndani?

Mademo akatseka msewu, pa WhatsApp sipalephera kutuluka munthu wonena kuti iye akanakhala pa chiwongolero akanangoponda moto, za mlandu zikaoneka kutsogolo. Ambiri timaseka n'kupitirira. Koma ku America maganizo amenewa anafika mpaka m'nyumba za malamulo, ndipo m'zigawo zina anasanduka lamulo. Ndakhala ndikutsatira mbiri yake, ndipo ndikufuna tiyende nayo limodzi.

Tiyambire m'chaka cha 1965, m'tauni ya Selma ku Alabama. Pa 7 Malichi anthu pafupifupi 600 ananyamuka wapansi kulowera ku Montgomery, likulu la chigawocho, kukadandaula kuti anthu akuda akuletsedwa kuvota. Bwanamkubwa George Wallace anali ataletsa ulendowo ponena kuti usokoneza magalimoto. Apolisi anawakwapula ndi zibonga n'kuwathira utsi wokhetsa misozi pa mlatho wa Edmund Pettus. Nkhani itapita ku khothi, jaji Frank Johnson anagamula kuti ali ndi ufulu woyenda mumsewu waukuluwo, poti madandaulo awo anali aakulu kuposa kuchedwa kwa magalimoto. Anayendadi makilomita 87, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho lamulo loteteza ufulu wovota linasainidwa. Ndiye tikamati otseka msewu ndi osokoneza basi, tizikumbuka kuti ufulu wina unabadwira pa tala.

Koma mantha a dalaivala nawo si nthano ayi. Pa 29 Epulo 1992 mumzinda wa Los Angeles munabuka zipolowe, khothi litamasula apolisi amene anajambulidwa akumenya Rodney King. Reginald Denny, dalaivala wa thiraki yonyamula mchenga, anatulukira pa mphambano ya misewu ya Florence ndi Normandie asakudziwa kanthu. Anyamata anamukokera pansi, kumumenya, wina n'kumuphwanya mutu ndi njerwa, uku helikopita ikuonetsa zonse pa TV. Anapulumuka chifukwa anthu anayi akuda a m'deralo anathamangirako kukamuthandiza, ndipo mmodzi wa iwo, Bobby Green, dalaivala mnzake, anayendetsa thirakiyo mpaka kuchipatala. Mpaka lero, ofuna malamulo oteteza madalaivala amatchula dzina la Denny.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ufulu wodziteteza unalipo kale. Munthu amene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti aphedwa kapena avulazidwa kwambiri, lamulo limamulola kudzipulumutsa, kaya ali pansi kaya ali m'galimoto. Khothi limangofunsa kuti ngoziyo inali pafupi bwanji, ndipo mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana nayo kapena ayi. Nanga malamulo atsopano anali a chiyani?

Mu Januwale 2017, eni nthaka a ku Standing Rock ndi owathandiza atatha miyezi akutsutsa paipi ya mafuta ya Dakota Access, phungu wina wa ku North Dakota, Keith Kempenich, anabweretsa bilu yoti dalaivala akagunda mosafuna munthu wotseka msewu asaimbidwe mlandu. Biluyo inakanidwa, koma zigawo zina zinayamba kulemba zawo zofanana nayo.

Kenako kunabwera Charlottesville. Pa 12 Ogasiti 2017 James Alex Fields, mnyamata wotsatira maganizo a chipani cha Nazi, analowetsa galimoto yake m'chikhamu cha anthu otsutsa tsankho. Heather Heyer, wa zaka 32, anafa, ena ambiri anavulala. Maloya ake anati mnyamatayo anachita mantha, ankadziteteza. Koma umboni unaonetsa kuti anayamba wabwerera m'mbuyo, njira yothawira ilipo, kenako n'kuponda moto kulunjika anthu. Miyezi ingapo izi zisanachitike anali ataika pa Instagram chithunzi cha galimoto ikugunda ochita zionetsero. Anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kwa kanthawi, mabilu aja anazizira.

Anadzukanso George Floyd ataphedwa ndi wapolisi mu Meyi 2020. Pa 31 Meyi, mumzinda wa Tulsa ku Oklahoma, pikapu yokoka ngolo ya mahatchi inadutsa pakati pa anthu amene anadzaza msewu waukulu. Bambo wina anagwa kuchoka pamwamba pa mlatho n'kulumala. Dalaivalayo, amene anali ndi banja lake m'galimoto, sanazengedwe mlandu, poti woimira boma pa milandu anaona kuti ankathawa chiopsezo. Taonani apa: lamulo lakale lomwe lija linamuteteza. Komabe mu Epulo 2021 bwanamkubwa Kevin Stitt anasaina lamulo loti dalaivala amene wavulaza kapena kupha munthu mosafuna pothawa chipolowe asazengedwe mlandu kapena kulipitsidwa chipepeso, bola akhale ndi chifukwa chomveka choopera moyo wake ndipo akhale kuti anayendetsa mosamala. Lamulo lomwelo linati wotseka msewu atha kukhala kundende mpaka chaka chimodzi. Florida ndi Iowa nazo zinakhazikitsa malamulo ovutitsa kuti wovulala asumire dalaivala.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere kwambiri ndi ya ku Austin, Texas. Pa 25 Julayi 2020 Daniel Perry, msilikali amene ankagwira ganyu ya Uber, anakhotera mumsewu wodzaza ndi ochita zionetsero. Garrett Foster, amene anali msilikali wa m'ndege kale, anayandikira galimotoyo atanyamula mfuti, zomwe malamulo a kumeneko amalola. Perry anamuwombera n'kumupha, n'kunena kuti Foster anamulozetsa mfuti. Mboni zinatsutsa. Mu 2023 khothi linamupeza wolakwa n'kumupatsa zaka 25, koma mu Meyi 2024 bwanamkubwa Greg Abbott anamukhululukira. Onse awiri akanatha kunena kuti ndinaopa. Mmodzi yekha ndi amene anatsala kuti afotokoze mantha ake.

Kwathu kuno tinaona misewu ikutsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka pa mademo a 2019, ndipo aliyense amene anakhalapo m'minibasi anyamata akumenya magalasi amadziwa mmene mtima umagundira. Sindingamunyoze munthu ameneyo. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limateteza zionetsero zamtendere ndi zopanda zida, osati kugenda anthu odutsa.

Koma mbiri ya ku America yandiphunzitsa kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimafanana munthu akapsa mtima: kuchedwetsedwa ndi kuopsezedwa. Denny anaopsezedwa. Fields anali ndi msewu wopanda munthu kumbuyo kwake. Khothi likamaunika nkhani iliyonse payokha limatha kuona kusiyana kumeneku. Lamulo lolonjezeratu chitetezo, ngakhale lilembedwe mosamala chotani, likafika m'makutu a munthu wokwiya limamveka ngati chilolezo, chifukwa ndi ochepa amene amawerenga ndime zake zonse.

Ndiye anzanga amene mwangotenga laisensi, mukadzaona utsi wa matayala patsogolo, funso loyamba lisakhale lakuti lamulo likundilola chiyani. Yang'anani pagalasi kaye, muone ngati kumbuyo kuli njira.