Jekete Lopanda Chipsera: Zovala Zachikopa za Asilikali a M'ndege ndi Msika wa Mbiri

Pa misika ya okushoni ya ku America, ku Britain ndi ku Japan, chimodzi mwa zovala zakale zimene anthu amalimbirana kwambiri ndi jekete lachikopa la asilikali a m'ndege a pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Ogula amayamba aona ngati chikopa chikadali chofewa, ngati zipi ili yomwe inasokeredwapo ku fakitale, ndiponso ngati nsalu yoluka ya kumapeto kwa mikono ndi ya m'chiuno sinadyedwe ndi njenjete. Jekete lokwanitsa zonsezi limagulidwa pa madola zikwi zingapo. Komatu kwa wophunzira mbiri pamenepa pali mfundo yovuta: chovala chimene chafika lero chopanda chipsera, kawirikawiri ndi chimene nkhondo sinachikhudze kwenikweni.

Jekete lotchuka koposa onse ndi la mtundu wa A-2, limene nthambi ya ndege ya asilikali a America inalivomereza pa 9 Meyi 1931. Linalowa m'malo mwa A-1 la mu 1927, lomwe linali la mabatani ndi kolala yoluka. A-2 linabwera ndi zipi, kolala yachikopa yonga ya shati ndi matumba awiri kutsogolo, ndipo kumsana kwake kunali chikopa chimodzi chosalumikiza. Poyamba ankalisoka ndi chikopa cha hatchi, koma nkhondo itakula anayamba kugwiritsanso ntchito cha mbuzi ndi cha ng'ombe. Linali lothina ndi lalifupi mwadala, kuti lisamakole pa zitsulo m'kachipinda kopanikiza ka woyendetsa ndege.

Boma silinkasoka lokha majeketewa. Linkapereka makontirakiti kwa makampani monga Rough Wear Clothing ya ku Middletown m'chigawo cha Pennsylvania, Aero Leather Clothing ya ku Beacon m'chigawo cha New York, ndi J.A. Dubow ya ku Chicago. M'kati mwa kolala munkasokedwa kansalu kosonyeza mtundu wa jekete, nambala ya chojambula chake, yomwe ndi 30-1415, nambala ya kontirakiti ndi mawu onena kuti chovalacho ndi katundu wa asilikali. Kansalu kameneka ndiko kamene osonkhanitsa amayamba kuwerenga, chifukwa kampani iliyonse inali ndi kasokedwe kake ka kolala ndi matumba, ndipo zipi za Talon, Crown kapena Conmar zimayenera kugwirizana ndi kontirakitiyo. Nthawi yosoka A-2 inali yochepa. Mkulu wa asilikali a m'ndege, Henry H. Arnold, analamula kuti kuitanitsa majekete achikopa kulekeke, ndipo kuyambira mu 1943 anayamba kulowedwa m'malo ndi ansalu monga B-10.

Chifukwa chimodzi cha kusinthaku chinali chakuti A-2 silinkateteza ku chisanu cha m'mwamba. Ndege zoponya mabomba za B-17 zinkauluka pamtunda wa mamita oposa 7,000, kumene kuzizira kunkafika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Kumeneko asilikali ankadalira jekete la B-3, lachikopa cha nkhosa chokhala ndi ubweya wake, komanso zovala zotenthetsedwa ndi magetsi. Anzawo a ku Britain a Royal Air Force ankavala la ubweya lotchedwa Irvin, potengera dzina la Leslie Irvin, katswiri wa maparachuti amene anali ndi fakitale ku Letchworth. Ma Irvin a kumapeto kwa nkhondo anali olumikiza zidutswa zambiri chifukwa zikopa zinasowa, kotero msoko uliwonse pa jeketelo ndi umboni wa kuchepa kwa chuma m'zaka zimenezo.

Ngakhale zinali choncho, A-2 ndi limene asilikali analikonda ngati chizindikiro chawo. Pachifuwa ankasokapo dzina ndi chizindikiro cha gulu, ndipo kumsana ankajambulapo ndi penti dzina la ndege ndi timabomba, kamodzi pa ulendo uliwonse umene abwerako amoyo. M'gulu la Eighth Air Force, lomwe linali ku England, msilikali ankayenera kukwanitsa maulendo 25 asanabwerere kwawo, ndipo mu 1944 chiwerengerochi chinakwezedwa kufika pa 30 kenako 35. Zojambulazi nthawi zina zinkabweretsa mavuto. Kenneth Williams, amene ndege yake inagwetsedwa pa 26 Novembala 1943 pa ulendo wokaphulitsa mzinda wa Bremen, anagwidwa atavala jekete lolembedwa dzina la ndege lakuti Murder Inc. Manyuzipepala a ku Germany anafalitsa chithunzi chake pofuna kusonyeza kuti asilikali a America anali zigawenga zakupha. Ku China nako, oyendetsa ndege a gulu la Claire Chennault ankasoka pa majekete awo kansalu ka mbendera ndi uthenga wa m'Chitchaina wopempha anthu a m'midzi kuthandiza mlendo amene wagwa ndi ndege.

Pofuna kumvetsa chimene jekete losawonongeka limatanthauza, nkofunika kukumbukira amene sanabwerere. Pa 14 Okutobala 1943, ndege 291 za B-17 zinanyamuka kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt, ndipo 60 sizinabwerere. Iliyonse inkanyamula anthu khumi. M'nkhondo yonse, Eighth Air Force yokha inataya asilikali pafupifupi 26,000. Zovala zimene anali atavala zinapsa, zinamira m'nyanja kapena zinakwiriridwa nawo limodzi. Zimene zilipo lero ndi za opulumuka, za amene anazisiya pa msasa, ndi zimene zinatsalira m'nyumba zosungiramo katundu osaperekedwa kwa aliyense. Mwa zonsezi, zooneka zatsopano koposa nthawi zambiri ndi za gulu lomalizali, kapena za asilikali amene anapatsidwa koma sanazivale kwambiri. Msika umalipira ndalama zambiri pa ukongola, pamene mbiri imasungika m'thukuta la pa kolala ndi m'zigamba za pa chigongono.

Nkhondo itatha mu 1945, majeketewa sanali chuma. Ambiri amene anapita nawo kwawo ankawavala pa ntchito za pamunda ndi pokonza magalimoto mpaka kutha. Chimene chinawakweza ndi mafilimu. Steve McQueen anavala A-2 mu The Great Escape ya mu 1963, ndipo Top Gun ya mu 1986 inatchukitsa G-1, jekete la asilikali a pamadzi lokhala ndi kolala yaubweya. Mu 1988 asilikali a m'ndege a America anayambanso kupatsidwa A-2. M'zaka zomwezo ogula a ku Japan analowa mwamphamvu pa msika wa zovala zakale za ku America, ndipo makampani monga Eastman Leather Clothing ku England ndi The Real McCoy's ku Japan anayamba kusoka majekete atsopano otsanzira makontirakiti akale mpaka pa ulusi ndi kansalu ka m'kolala.

Makampaniwa sabisa kuti zimene amagulitsa ndi zotsanzira, koma luso lomwelo likafika m'manja mwa akathyali limasokoneza msika. Njira yodziwika ndi kutenga A-2 lenileni lopanda dzina, n'kulijambula kumsana chithunzi cha ndege yotchuka, kenako n'kukalambitsa pentiyo. Apa mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umagwira ntchito. Wosonkhanitsa wosamala amafufuza ngati ming'alu ya penti ikutsata makwinya a chikopa, ngati mabowo a singano akusonyeza kuti chizindikiro china chinachotsedwapo, ndiponso ngati dzina la pachifuwa likupezeka m'kaundula wa gulu limene likutchulidwa. Kafukufukuyu ndi wovuta chifukwa pa 12 Julaye 1973 moto unawononga mafayilo a asilikali pakati pa 16 ndi 18 miliyoni ku National Personnel Records Center ku St. Louis. Nchifukwa chake chithunzi cha msilikali atavala jeketelo, makalata ake ndi buku la maulendo ake zimakhala zolemera kuposa chikopacho.

Pali vuto linanso la kakonzedwe. Chikopa cha zaka zoposa 80 chimauma, chimachita chuku pa chinyezi, ndipo chimang'ambika pamapewa chikakolekedwa nthawi yaitali. Ogulitsa ena amachipaka mafuta ndi utoto, n'kusintha zipi ndi nsalu zoluka kuti chioneke chatsopano. Osunga zinthu m'mamyuziyamu, monga National Museum of the United States Air Force ku Dayton m'chigawo cha Ohio, ali ndi cholinga chosiyana: kuletsa kuwonongeka kuti kusapitirire, popanda kufafaniza zimene nthawi inalemba. Kusiyanitsa kukonza kwa lero ndi kwa kale nkofunikanso, pakuti majekete ena anapakidwanso utoto woderapo m'malo okonzera zovala a asilikali nkhondo ili m'kati, ndipo utoto umenewo ndi gawo la mbiri yake.

Osonkhanitsa asanyozedwe, chifukwa popanda khama lawo zambiri mwa zovalazi zikanatayidwa mabanja akamasesa m'nyumba za omwalira, ndipo zambiri zodziwika lero za makontirakiti ndi kasokedwe zinachokera kwa iwo. Koma tsopano pamene eni majeketewa atsala ochepa kwambiri, udindo wa wosunga wakula. Jekete likagulitsidwa palokha, zithunzi ndi makalata a mwini wake n'kupita kwa ogula ena, chotsala ndi chikopa chokongola chimene sichingathenso kunena kuti anachivala ndani, anauluka kangati, ndiponso ngati anafika kwawo.