Manja Amene Anathandiza Kusoka Bala la Amai

Pali nthenda imene akazi saichula pabwalo, koma mbiri ya kuciritsidwa kwace iyenera kumveka. Mkazi akasauka masiku awiri kapena atatu mwana osabadwa, mutu wa mwanayo upsinja mnofu wa amace pa pfupa la m'cuuno, mwazi nuleka kuyenda, mnofuwo nufa. Pamenepo pabooka pakati pa cikhodzodzo ndi njira yobadwira mwana, ndipo mkodzo ungotuluka usana ndi usiku. Kawirikawiri mwana abadwa wakufa, ndi amace asalidwa cifukwa ca pfungo. Madotolo aicha nthendayi fistula.

M'caka ca 1845, ku Montgomery m'cigawo ca Alabama ku Amerika, dotolo J. Marion Sims anayamba kuyesa kusoka bala ili pa akazi akuda amene anali akapolo. Maina a atatu tiwadziwa: Anarcha, Betsey ndi Lucy. Anawasoka kopanda mankhwala ogonetsa, ndipo bala linatsegukanso nthawi ndi nthawi. Madotolo anzace, amene poyamba anadza kudzamthandiza, analema nacoka. Tsono akazi omwewo anaphunzira kugwira zida, wina nathandiza dotolo mnzace ali cigonere pagome. Anarcha anasokedwa ngati ka 30, kufikira caka ca 1849, pamene Sims anayesa ulusi wa siliva, bala nipola. Iye analemba za nchitoyi mu 1852, natenga ulemu wonse yekha. Ena anena kuti akaziwo anabvomera; koma kodi kapolo akhoza kukana? Mu 2018 anthu a ku New York anacotsa fano la Sims pa Central Park.

Nzeru ija inakula poyenda m'manja mwa ena. Ku Germany, mu 1928, Heinrich Martius anaonetsa njira yotenga kacidutswa ka mnofu wa thupi pafupi pomwepo, pamodzi ndi mitsempha yace ya mwazi, ndi kukaika posokedwapo kuti papole bwino.

Ndipo mu 1959 Reginald Hamlin ndi mkazi wace Catherine, onse awiri madotolo, anacokera ku Australia nafika ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia kudzaphunzitsa anamwino obadwitsa ana. Kwao nthendayi inali itazilala kale, popeza kumeneko mkazi wobvutika pobala amfikitsa kucipatala msanga. Pakuona unyinji wa odwala, anafunafuna zimene akale analemba, naphunzira njira ya Martius, naikonza monga mwa mabala amene anapeza. Mu 1974 anakhazikitsa cipatala ca nthenda imeneyi yokha.

Mwa odwala ao munali mtsikana wa kumudzi, dzina lace Mamitu Gashe, amene anadza mu 1962 ali wa zaka 16, mwana wace atafa. Atapeza bwino sanafune kubwerera kwao. Anayamba ndi kuyala makama. Pambuyo pace anaima pambali pa Reginald nampatsira zida, monga anacitira akazi a ku Alabama aja. Koma uyu anaimapo mwaufulu, ndipo dotolo anampatsa singano nampenyerera posoka. Mamitu, amene sanapite ku sukulu paubwana wace, anakhala mmisiri wa nchitoyi, ndipo madotolo ocokera ku maiko ena, pofika ku Addis Ababa kudzaphunzira kusoka fistula, anaphunzira kwa iye.