Mphunzitsi wa kumudzi ndi banja lake m'masiku a Mvera

A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok atafika ku Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, mu 1889, anali azungu awiri okha pakati pa midzi yosawerengeka. Mishoni yawo ya Dutch Reformed inatsegula Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zinayamba kumera m'midzi ya ku Dowa, Lilongwe ndi Dedza. Amene ankaima kutsogolo kwa ana m'sukuluzo anali anyamata a m'midzi momwemo. Ambiri anali atangodziwa kuwerenga, kulemba ndi masamu pang'ono pamene anauzidwa kuti apite akaphunzitse anzawo.

Sukuluyo inali kanyumba ka mitengo ndi dothi, kofolera udzu, komangidwa ndi eni mudzi mfumu ikalola. Ana ankakhala pa zipika. Masileti akachepa, ena ankalemba pansi ndi chala, mphunzitsi n'kumayenda chowerama kuona ngati zilembo zaima bwino. Lamulungu kanyumba komweko kankasanduka tchalitchi, iye yemweyo n'kulalikira, kutsogolera nyimbo ndi kuphunzitsa a m'kalasi ofuna ubatizo. Kalata ya mwamuna amene ali ku Halale kapena ku Joni ikafika, ankapita nayo kwa iyeyo kuti awerenge, choncho zinsinsi za mabanja a m'mudzimo ankazidziwa kuposa ankhoswe.

Malipiro anali ochepa zedi. Chimene chinkadyetsa banjalo ndi khasu, ndipo apa mpamene mkazi wa mphunzitsi akulowera m'nkhaniyi, ngakhale mabuku a mbiri samutchula kawirikawiri. Pa Chichewa mwamuna ndiye amapita kuchikamwini, kukalima kwa apongozi. Mphunzitsi sakanatero, poti mishoni inkamutumiza kumene ikufuna. Mkazi ndiye ankasiya mbumba yake, munda wa amayi ake ndi chitetezo cha alongo ake n'kukakhala mlendo. Kumeneko ankapempha malo olima, ankaphikira alendo a mpingo, ankasonkhanitsa amayi, ndipo anthu ankayang'anitsitsa pakhomo pake: kodi pasesedwa, kodi ana asamba? Mishoni inkafuna ukwati wa mkazi mmodzi, wodalitsidwa m'tchalitchi, panyumba popanda mowa. Banja likagwedezeka, ntchito nayo inkatha.

Ana a m'nyumba zotere anakula mosiyana ndi anzawo. Kwawo kwenikweni mawu omaliza pa za mwana anali a malume, koma kuno malume anali kutali, ndipo bambo ndiye ankagamula kuti mwana apitirize sukulu kumishoni. Kudambwe sankapitako. M'zaka za m'ma 1920 mkangano wa Nyau ndi sukulu unakula m'chigawo chapakati, ndipo amene ankagona m'mudzi momwe mwavuta anali mphunzitsi ndi mkazi wake, mzungu ali phee kusiteshoni.

Boma la atsamunda linachedwa kulowererapo. Nthambi ya zamaphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1929 ku Domasi kunatsegulidwa sukulu ya Jeanes. Kumeneko mphunzitsi ankabwera ndi mkazi wake ndi ana. Bambo akuphunzira kuyendera sukulu za m'midzi, mayi ankaphunzira za ukhondo, kulera ana ndi kusoka. Tinganene kuti boma linangovomereza zimene midzi inkadziwa kale, kuti ntchitoyo inali ya anthu awiri ngakhale malipiro ankalembedwa m'dzina la mmodzi.

Aphunzitsi ambiri a nthawiyo sanasiye cholembedwa chilichonse. Mmodzi amene anasiya ndi Samuel Josia Ntara, wobadwa mu 1905, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Buku lake lakuti Nthondo, lofotokoza moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, linapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934. Pambuyo pake Ntara anayenda m'midzi kufunsa akuluakulu za makolo, n'kulemba Mbiri ya Achewa.