Tanthauzo la Mawu: Chithunzi

Owerenga ena afunsa ngati chojambulidwa chakuda ndi choyera chokha chiyenera kutchedwa chithunzi, popeza ambiri amachiyesa choperewera. Inde chiyenera ndithu, pakuti mawuwa, amene atanthauza chifaniziro cha chinthu, ali pachibale ndi mthunzi wa mtengo ndiponso chithunzithunzi chimene chimatsata munthu dzuwa likawala. Motero kuunika ndi mdima ndiwo maziko ake.

Wojambula akaima patsinde pa phiri la Mulanje, nkhungu itakuta Sapitwa, achita bwino kusankha chakuda ndi choyera, kuti matanthwe ndi zigwa zioneke mu ulemerero wake. Koma akafika ku Cape Maclear, kumene nsomba za mbuna zinavala zobiriwira ndi zachikasu, ajambule chamitundumitundu, pakuti kukongola kwa nsombazo kwagona pa mitundu imene Mlengi anaziveka.