Mbiri ya kobiri lathu ili m'buku la yani?

M'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe mudakali nyumba zimene zikusunga makobidi akale m'kachitini kapena pansi pa sutikesi ya malemu agogo. Ena ali ndi chiboo pakati, ena ali ndi mutu wa mfumukazi Elizabeth, ena wa Kamuzu. Sizodabwitsa kuti dera limeneli lili nawo. Njanji yochoka ku Blantyre kulowera ku Salima imadutsa pa Lirangwe, msewu wa M1 nawonso umadutsa pomwepo, ndipo bwalo la ndege la Chileka ndi lomwe Kamuzu Banda anatsikirapo pa 6 July 1958. Pamene pankadutsa anthu ndi katundu, pankagwanso ndalama. Vuto limabwera mdzukulu akafuna kudziwa kuti kobirilo ndi lachiyani, linapangidwa liti, ndipo ngati munthu wina akulifuna mtengo wake woyenera ndi wotani. Mayankho alipo, koma ali m'mabuku olembedwa kunja, ogulidwa ndi madola.

Ndalama zachitsulo zinabwera kuno mochedwa. Makolo ankasinthana ndi nsalu, mikanda, mchere, makasu ndi mkuwa, ndipo zimene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza pa Mankhamba ku Dedza zikusonyeza kuti malondawo ankafika kutali. Msonkho wa nyumba umene boma la Harry Johnston linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 ndi umene unakakamiza munthu wakumudzi kufunafuna mashileni, ngakhale pogwira ntchito m'minda ya azungu. Pambuyo pake kunayenda makobidi a ku Britain, kenaka a Southern Rhodesia, ndipo kuyambira 1955 a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuphatikizapo kobiri loboola pakati lokhala ndi njovu ziwiri ndi theka lake lokhala ndi akadyansonga awiri. Mu 1964 dziko litapeza ufulu, kunatuluka makobidi athu oyamba okhala ndi mutu wa Kamuzu, wojambulidwa ndi mmisiri Paul Vincze: sikisi wokhala ndi tambala, shileni wokhala ndi chimanga, ndalama ya mashileni awiri yokhala ndi njovu. Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971, makwacha awiri akufanana ndi paundi imodzi, ndipo chimanga chija chinasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala.

Amene anasonkhanitsa zonsezi mwadongosolo, chaka ndi chaka, kulemera kwake, chitsulo chake ndi kuchuluka kwa makobidi osulidwa, si Amalawi. Buku limene ogula ndi ogulitsa padziko lonse akhala akulidalira ndi Standard Catalog of World Coins, limene Chester Krause ndi Clifford Mishler anayamba kutulutsa mu 1972 ku Iola, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Kobiri lililonse la Malawi lili ndi nambala yake mmenemo, yoyamba ndi zilembo KM, zochokera ku mayina a anthu awiriwo. Mwambo wa mabuku otere ndi wakale. Henri Cohen anayamba kutulutsa ndandanda ya makobidi a mafumu a Roma mu 1859, ndipo Roman Imperial Coinage, ya Harold Mattingly ndi Edward Sydenham, inayamba mu 1923 ku London. Ndi ntchito ya zaka zambiri, yoyendera nyumba zosungira zakale ndi kuyeza kobiri limodzilimodzi, choncho mabukuwa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka pa shelefu ya sukulu ya ku Lirangwe.

Intaneti itafika, anthu anayamba kujambula masamba a mabukuwa ndi kuwagawa ngati mafayilo a PDF popanda chilolezo cha eni ake, ndipo fayilo yotere imayenda pa WhatsApp mofanana ndi nyimbo zokopera. Amene amaikira kumbuyo mchitidwewu ali ndi mfundo yomveka. Amati mnyamata wa ku Chileka sakanagula bukulo ngakhale atafuna, ndiye kampani ya ku America yataya chiyani? Amatinso nzeru za kobiri la dziko lathu siziyenera kutsekeredwa kwa ife eni ake. Ndikuvomereza kuti kusowaku ndi kwenikweni ndipo n'kopweteka. Koma fayilo yobedwa siithetsa kusowako, ndipo nthawi zambiri imapweteka amene waitenga. Kawirikawiri imakhala ya chaka chakale, masamba ena osowa, zithunzi zosaoneka bwino, ndipo gawo loyambirira lofotokoza mmene amayezera kutha kwa kobiri anthu saliwerenga. Mtengo waukulu umene munthu amauona pa tsamba ndi wa kobiri limene silinayendepo m'manja. La agogo, limene linagula mchere pa msika wa Lunzu kwa zaka zambiri mpaka njovu zake zinafufutika, ndi limodzi mwa mamiliyoni, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Munthu wosadziwa kusiyanaku ndiye amagwa m'manja mwa akathyali amene amalonjeza chuma chochuluka pa ndalama zakale kenaka n'kumupempha kuti ayambe walipira kenakake.

Mfundo yoti eni mabuku sataya kanthu nayonso siimirira bwinobwino. Kampani ya F+W Media, imene inali mwini wa mabuku a Krause, inagwa mu 2019. Zifukwa zinali zambiri, ndipo sindikunena kuti kukopera kokha ndi kumene kunaigwetsa, koma zikusonyeza kuti ntchito yotere si chitsime chosauma. Komanso chizolowezi sichisankha. Dzanja limene lazolowera kugawa buku la mlendo ndi lomwelo limagawa buku la mlembi wa kuno, amene anasindikiza makope ochepa ndi ndalama zangongole. N'chifukwa chake dziko lino linakhazikitsa bungwe la COSOMA mu 1992, potsatira lamulo loteteza eni ntchito zaluso la 1989, limene linalembedwanso mu 2016.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti njira zovomerezeka komanso zaulere zilipo, koma sizidziwika. Mabuku a Cohen anapitirira kalekale nthawi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo aliyense angawawerenge pa intaneti mosaba. Bungwe la American Numismatic Society linaika makobidi a mafumu a Roma pa intaneti kwaulere, m'ntchito yotchedwa Online Coins of the Roman Empire, motsatira manambala a Roman Imperial Coinage. Tsamba la pa intaneti la Numista, limene limadzazidwa ndi osonkhanitsa makobidi okha, lili ndi zithunzi ndi miyezo ya makobidi a Malawi ndi a chitaganya. Ntchito ziwiri zomalizazi zimakonzedwa pakapezeka cholakwika, pomwe fayilo yokopera imafa ndi zolakwika zake. Chotchinga chimene chatsala ndi mtengo wa bandulo ndi chilankhulo, pakuti zonsezi zili m'Chingerezi ndi m'Chifalansa.

Wina anganene kuti dziko limene likulimbana ndi mtengo wa feteleza lilibe nthawi ya makobidi osagula kanthu. Koma ntchito yomwe ikufunika si yaikulu. Makobidi athu oyenda m'manja kuchokera mu 1964 ndi ochepa, ongokwanira kabuku kakang'ono. Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito ku Blantyre mu 1965, ndiyo mwini wa mbiri ya zimene inaitanitsa ndi kutulutsa. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala zili mumzinda womwewo, ulendo wa minibasi kuchoka pa Lirangwe. Mabungwe amenewa atagwirizana angathe kujambula kobiri lililonse mbali zonse ziwiri, kulemba chaka chake, chitsulo chake ndi dzina limene anthu ankalitchula, monga tiki ndi sikisi, n'kutulutsa kabukuko m'Chichewa ngati fayilo yaing'ono yololedwa kugawidwa pa foni. Mayina amenewo mulibe m'buku la Krause, ndipo amene anagulapo zinthu ndi tiki chitaganya chisanathe mu 1963 tsopano ndi okalamba.